Mizu ya Tsankho

Pabwalo la milandu la kumudzi, mfumu yanzeru sigamula mlandu isanamve mbali zonse ziŵiri. Imayamba yamva wodandaula, kenaka woimbidwa mlandu, ndipo mboni zikatha kulankhula, m'pamene nduna zimapatukira kuseri kukapangana. Tsankho limatembenuza dongosolo limeneli: chigamulo chimabwera poyamba, umboni n'kumasakidwa pambuyo. Munthu watsankho akangomva dzina la mtundu wa mnzake, akangoona khungu lake, kaya kumva kalankhulidwe kake, ndiye kuti wamuŵeruza kale kuti ngwaulesi, ngwakuba kapena ngwosakhulupirika. Tsono maganizo otereŵa akatuluka mumtima n'kusanduka ntchito, monga kumana munthu malo a sukulu, kumkaniza ntchito, nyumba ya lendi ngakhalenso mbeta chifukwa cha mtundu wake, pamenepo tsankho labala kusalana.

Funso la nkhani ya lero nlakuti, kodi mizu ya khalidwe limeneli ili kuti? Anthu ambiri amayankha kuti tsankho ndi nthenda ya anthu ouma mtima kapena osaphunzira. Ena amati limachokera ku udani wakalekale wa makolo, kotero kuti palibe amene angalizule. Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha mu 1945, anthu atamva kuti Ayuda okwana pafupifupi 6 miliyoni adaphedwa ndi boma la dziko la anthu ophunzira kwambiri, mayankho aŵiriŵa adaoneka opereŵera. Akatswiri a za maganizo ndi kakhalidwe ka anthu adaganiza zoyesa nkhaniyi monga m'mene mlangizi wa zaulimi amayesera mbeu pa munda wachitsanzo: kubzala, kuthirira, ndi kuona chimene chingamere.

Mmodzi mwa akatswiriŵa anali Muzafer Sherif, amene adabadwira ku Turkey mu 1906, nakula m'zaka za nkhondo ya pakati pa dziko lakelo ndi Greece. M'chaka cha 1954, iye pamodzi ndi mkazi wake Carolyn ndi anzao ena adatenga anyamata 22 a zaka pafupifupi 11, napita nao ku msasa wa tchuthi m'nkhalango ya Robbers Cave, m'chigawo cha Oklahoma ku America. Anyamataŵa adasankhidwa mosamala kuti akhale ofanana m'zonse. Onse anali azungu, a mipingo ya Chiprotestanti, ochokera m'mabanja opezako bwino a bambo ndi mai, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wovuta kusukulu. Ndiponso sankadziŵana. Motero pakati pao panalibe kusiyana kwa khungu, kwa chinenero, kwa chipembedzo kapena mangaŵa a makolo.

Anyamatawo adagaŵidwa m'magulu aŵiri a anthu 11, ndipo gulu lililonse lidafika palokha, osadziŵa kuti kutsidya kwa nkhalango kuli anzao. Sabata yoyamba idatha akusambira, kuyenda m'mapiri ndi kuphika pamodzi. Gulu lililonse lidadzipezera mtsogoleri, malamulo, mbendera ndi dzina. Ena adadzitcha Eagles, ndiye kuti Ziombankhanga. Ena adadzitcha Rattlers, dzina la njoka yaululu ya kumeneko imene mchira wake umalira ngati maseche. Chodabwitsa nchakuti atangomva mau a anyamata ena patali, asanaonane nkomwe maso ndi maso, adayamba kale kulankhula za "iwo aja" monyoza, ndi kupempha akuluakulu kuti akonze mpikisano kuti aŵaonetse.

Sabata yachiŵiri mpikisanowo udakonzedwa. Panali mpira womenya ndi ndodo wotchedwa baseball, kukokana chingwe, kumanga matenti ndi maseŵera ena. Opambana adalonjezedwa chikho, mamendulo ndi timipeni topinda, koma ogonja sankalandira kanthu. Pasanathe masiku ambiri, a Ziombankhanga atagonja pa kukokana chingwe, adatsitsa mbendera ya anzao naitentha. A Njoka adabwezera potentha ya a Ziombankhanga, ndipo usiku adaloŵa m'nyumba yao yogona, nagubuduza mabedi, kung'amba maukonde otchinga udzudzu ndi kulanda katundu. Enawo adabwezeranso, ndipo adafika podzaza miyala m'masokosi kukonzekera nkhondo. A Ziombankhanga atapambana mpikisano wonse, a Njoka adakaba timipeni ndi mamendulo aja. Pofunsidwa, gulu lililonse lidati anthu ake ngolimba mtima ndi aubwenzi, koma enawo ngachinyengo ndi onunkha. Ana ofanana ngati mbeu za m'chikonyo chimodzi adasanduka mitundu iŵiri yodana m'masabata aŵiri okha.

Pa zimene zidachitika kunkhalangoko pakuoneka mizu ingapo, ndipo muzu woyamba ndi chizoloŵezi cha mutu wa munthu choika zinthu m'magulu. Chizoloŵezichi pachokha nchothandiza. Mwana amene waphunzira kuti moto umaotcha safunika kuyesa moto uliwonse. Koma poti anthu si moto, njira yachiduleyi imasokeretsa. Munthu amaona a gulu lake monga anthu osiyanasiyana, uyu wofatsa, uyo waukali, pamene a gulu lina amaŵaona ngati munthu mmodzi. Mbale wake akaba, amati wakuba ndi uje. Mlendo akaba, amati anthu a mtundu umenewo ngakuba. Mwambi uja wakuti nsomba ikaola imodzi zaola zonse ngwoona m'dengu la usodzi, koma ukagwiritsidwa ntchito pa anthu, umapachika osalakwa.

Amene adafufuza kwambiri muzu umenewu ndi Henri Tajfel, Myuda wa ku Poland, amene adapulumuka nkhondo ija ali mkaidi wa asilikali a Germany, koma pobwerako adapeza kuti abale ndi abwenzi ake ambiri adaphedwa. Ali pa yunivesite ya Bristol ku England, Tajfel adafuna kudziŵa kuti kodi chochepetsetsa chimene chingayambitse kukondera nchiyani. Pa kafukufuku amene adafalitsidwa mu 1970 ndi 1971, adaonetsa anyamata a sukulu zithunzi za akatswiri aŵiri ojambula, Paul Klee ndi Wassily Kandinsky, naŵafunsa zimene zaŵakomera. Kenaka aliyense adauzidwa payekha kuti ali m'gulu la Klee kapena la Kandinsky, chonsecho maguluwo adangogaŵidwa mwachisawawa. Mnyamata aliyense adapatsidwa ntchito yogaŵira anzake mapointi osinthitsa ndi tindalama, osadziŵa maina ao, koma nambala ndi gulu lao basi, ndipo iye mwini sankadzigaŵira kanthu. Anyamatawo adakondera a gulu lao. Koposa apo, pamene panali mwai wopatsa wa gulu lao mapointi 19 ndi wa gulu lina 25, ambiri adapendekera ku mbali yopatsa mnzao zochepa, malinga zikhale zoposa za enawo. Adalola kuti wakwao aluze, bola wakunja asapose. Tajfel adafotokoza kuti munthu amapeza mbali ina ya ulemu wake kuchokera ku gulu lake, choncho gululo likaoneka lapamwamba, iyenso amadzimva wamtali.

Muzu wachiŵiri ndi kulimbirana zinthu zopereŵera. Ku Robbers Cave kunyozana kudasanduka nkhonya pamene padabwera timipeni toti gulu limodzi lokha ndilo lilandire. M'moyo weniweni timipeni timeneti ndi ntchito, minda, madzi, malo a pamsika ndi maudindo. Ndipo munthu akapanikizika ndi umphaŵi, kaŵirikaŵiri sakwiyira amene adayambitsa mavuto ake, pakuti ameneyo amakhala kutali ndiponso ngwamphamvu; amakwiyira wofooka amene ali naye pafupi. M'mwezi wa May 2008, chipolowe chidabuka ku Alexandra, mumzinda wa Johannesburg, n'kufalikira m'madera ena a South Africa. Anthu osauka adaukira osauka anzao ochokera ku Mozambique, Zimbabwe, Malaŵi, Somalia ndi maiko ena, poŵanena kuti akulanda ntchito ndi nyumba. Anthu 62 adaphedwa, ndipo ena zikwi zambiri adathaŵa m'nyumba zao. Mwa ophedwawo 21 anali nzika za South Africa lomwelo. Chiŵerengero chimenechi chikuonetsa m'mene tsankho lilili lakhungu: khamu lokwiya silifunsa chiphaso, limangoŵeruza poona nkhope ndi kumva lilime.

Muzu wachitatu ndi maphunziro a pakhomo ndi a pabwalo. Palibe mwana amene amabadwa akudziŵa mtundu woyenera kuuda. Amamva pamene akulu akucheza pamoto, amaona mai ake akubisa chikho chabwino pofika mlendo wina, amamva nthabwala zimene anthu amaseka, ndipo asanafike pa msinkhu wodzifunsa, zonsezi zakhazikika kale ngati choonadi. Pa 5 April 1968, tsiku lotsatira kuphedwa kwa Martin Luther King, mphunzitsi wina wa ku Riceville m'chigawo cha Iowa, Jane Elliott, adagaŵa ana a kalasi lake lachitatu potsata mtundu wa maso ao, ena obiriŵira, ena ofiirira. Adalengeza kuti gulu limodzi nlanzeru ndi laukhondo kuposa linzake, nalipatsa mwai wapadera m'kalasi ndi pabwalo la maseŵera. Tsiku lisanathe, ana okwezedwawo adayamba kunyada ndi kutonza anzao amene dzulo lake ankaseŵera nao, pamene onyozedwawo adachita manyazi, nayamba kulephera ntchito zimene kale ankazikhoza. Mphunzitsiyo atatembenuza malamulo tsiku lina, zinthu zidatembenukanso. Njira yakeyo idatsutsidwa ndi ambiri chifukwa idaliza ana, komabe idaonetsa chinthu chachikulu: tsankho limadzipangira lokha umboni. Munthu wouzidwa tsiku ndi tsiku kuti ngwolephera amafooka, ndipo akafooka, womunyozayo amati, "Mwaonatu, si zija ndinkanena?"

Omvera a m'Malaŵi safunika kuoloka nyanja kuti aone muzu umenewu. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti m'dziko muno munali anthu achialubino oposa 134,000. Chialubino si tsoka kapena temberero, ndipo sichipatsirana. Ndi kupereŵera kwa melanin, chinthu chimene chimadetsa khungu, tsitsi ndi maso, ndipo mwana amabadwa nacho pamene bambo ndi mai onse aŵiri ali ndi mbeu yake m'magazi, ngakhale iwo eni akhale akuda. Koma kwa mibadwo yambiri ana akhala akumva maina otonza monga napweri, ndiponso nthano yabodza yakuti anthu otere safa koma amangosoŵa. Pamene bodza lina lidafala lakuti mafupa ao amabweretsa chuma, nthaka inali itagaulidwa kale. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 milandu ya kuba, kupha ndi kufukula manda a anthu achialubino idachuluka. Wochita malonda onyansaŵa adayamba waphunzira kuti mnansi wakeyo si munthu wathunthu.

Muzu wachinai ndi mau a anthu aulamuliro. Pano nkhani ya Robbers Cave ili ndi mbali ina imene idabisika zaka zambiri. Mu 2018 wofufuza wa ku Australia, Gina Perry, adafalitsa buku atatha kuŵerenga zolemba za Sherif ndi kucheza ndi ena mwa anyamata aja, amene tsopano anali nkhalamba. Adaonetsa kuti anawo sadauzidwe kuti akuyesedwa, ndi kuti akuluakulu oyang'anira msasa sanali ongopenyerera: iwo ankakoleza moto, ndi kulekerera zimene akadatha kuletsa. Adafotokozanso za kuyesa kwina kwa chaka cha 1953 ku Middle Grove, m'chigawo cha New York, kumene kudalephereka. Kumeneko anyamata adapatsidwa mpata wodziŵana ndi kupalana ubwenzi asanagaŵidwe. Akuluakulu atayesa kuŵayambanitsa poba zovala ndi kugwetsa tenti mobisa, anawo adakana kukhulupirira kuti anzao ndiwo achita zimenezo, ndipo adayamba kukayikira akuluakulu omwewo. Zimenezi zikuchepetsa ulemu wa kafukufukuyo, komatu zikuonjezera phunziro lake. Udani wa magulu suyaka wokha ngati moto wa mphezi. Kaŵirikaŵiri pamakhala wina wogwira muuni, amene ali ndi phindu lake pa kuyakako.

Katswiri wina, Gordon Allport wa pa yunivesite ya Harvard, m'buku lake la mu 1954 lonena za tsankho, adalongosola makwerero asanu amene tsankho limakwera. Loyamba ndi kunena zoipa ndi nthabwala zonyoza. Lachiŵiri ndi kupewa anthuwo. Lachitatu ndi kuŵamana zimene ena akulandira. Lachinai ndi kuŵamenya ndi kuononga katundu wao. Lachisanu ndi kuŵapulula. Si tsankho lonse limene limafika pamwamba, koma khwerero lililonse limapeputsa linzake lotsatira.

Dziko la Rwanda lidakwera makwerero onse asanu. Ahutu ndi Atutsi amalankhula chinenero chimodzi, ankakhala pa mapiri amodzimodzi, kupemphera m'matchalitchi amodzimodzi ndi kukwatirana. M'zaka za m'ma 1930 atsamunda a ku Belgium adalemba mtundu wa munthu aliyense pa chiphaso chake, ndipo adakweza Atutsi m'maudindo ndi m'sukulu. Ulamuliro utasintha kuyambira mu 1959, ziphaso zomwezo zidagwiritsidwa ntchito popondereza Atutsi. Mu 1993 wailesi ya RTLM idayamba kuulutsa mau, ndipo idakopa achinyamata ndi nyimbo zamakono ndi nthabwala. Pakati pa nyimbozo aulutsi ankatcha Atutsi kuti inyenzi, ndiye kuti mphemvu. Kuyambira pa 7 April 1994, m'masiku pafupifupi 100, anthu okwana ngati 800,000 adaphedwa, ambiri mwa iwo Atutsi, pamodzi ndi Ahutu amene adakana kupha. Wailesiyo inkatchula maina a anthu ndi malo amene abisala. Mu December 2003 bwalo la milandu la United Nations ku Arusha lidapeza olakwa aŵiri mwa akuluakulu a wailesiyo, Ferdinand Nahimana ndi Jean-Bosco Barayagwiza. Munthu wabwinobwino zimamuvuta kutema mnansi wake ndi chikwanje, koma kupha mphemvu sikumsoŵetsa tulo. Ntchito ya mau aja inali imeneyo.

Nanga mankhwala ake alipo? Sabata yachitatu ya ku Robbers Cave ikuyankhako. Poyamba ofufuza adangosonkhanitsa magulu aŵiri aja kuti adyere pamodzi ndi kuonera kanema pamodzi. Sizidathandize, chipinda chodyera chidasanduka bwalo logendana ndi zakudya. Kenaka adakonza mavuto amene gulu limodzi palokha silikadatha kuŵathetsa. Adatseka madzi a msasa wonse, ndipo anyamata onse, ludzu litaŵagwira, adalondola mipope mpaka kuthanki, nathandizana kuchotsa chimene chidatseka. Adasonkherana ndalama zobwerekera kanema. Tsiku lina galimoto lokatenga chakudya lidakana kulira, ndipo onse adalikoka ndi chingwe chomwe chija ankakokanirana pa mpikisano. Udani sudathe tsiku limodzi, koma udanka nuzilala. Mpikisano utangotha, mwa abwenzi amene anyamatawo adatchula, pafupifupi 7 okha pa 100 alionse anali a gulu linalo. Pomaliza chiŵerengerocho chidafika pa 23 kwa a Ziombankhanga ndi 36 kwa a Njoka. Pobwerera kwao adapempha kukwera basi imodzi, ndipo panjira a Njoka adatenga madola 5 amene adapata pa mpikisano wina, nagulira onse zakumwa.

Allport adaanena zofanana ndi zimenezi: kukumana kwa magulu kumachepetsa tsankho makamaka ngati anthuwo akumana monga ofanana, ali ndi cholinga chimodzi, akugwirira ntchito pamodzi, ndipo akuluakulu ndi malamulo akuvomereza. Bwana ndi wantchito wake angathe kukhala pakhomo limodzi zaka 20 tsankho osasunthika, chifukwa sakumana monga ofanana. Mu 2006 Thomas Pettigrew ndi Linda Tropp adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 515 wa m'maiko 38, ndipo adapeza kuti m'malo ochuluka zedi kudziŵana kumachepetsadi tsankho. Ngakhale wailesi, imene idathandiza kuononga Rwanda, idathandizanso pomanga. Seŵero la pa wailesi lotchedwa Musekeweya, limene lidayamba mu 2004, linkasimba za midzi iŵiri yolimbirana nthaka. Elizabeth Levy Paluck atafufuza omvera ake, adapeza kuti ngakhale zikhulupiriro zao za mumtima sizidasinthe kwenikweni, maganizo ao pa zimene anthu amavomereza adasintha, monga pa nkhani ya kukwatirana ndi a mtundu wina ndi kulankhula poyera pamene sakugwirizana ndi gulu.

Mfundo yomalizayi njolimbikitsa, chifukwa ikutanthauza kuti sikofunika kudikira kuti mitima yonse itembenuke. Anthu ambiri amasala anzao poona kuti ena onse akutero, ndipo amaleka akaona kuti khalidwelo nlochititsa manyazi. Motero udindo uli pa aliyense amene mau ake amamveka. Mphunzitsi amene asakaniza ana pogaŵa magulu a ntchito, ndi kuika mwana wachialubino kutsogolo kuti aone bwino pabolodi, wachita zambiri kuposa kulalikira za chikondi. Mfumu imene igaŵa malo ndi thandizo mosayang'ana kumene munthu adachokera, bwana amene alemba ntchito poona satifiketi osati dzina la bambo, kholo limene likana kuseka nthabwala yonyoza mtundu wina ana ali pomwepo, onseŵa akudula tsankho pa khwerero loyamba, pamene likadali losavuta kulidula. Akuluakulu adati kuongola mtengo mpoyamba.

Palibe munthu amene angadzitame kuti mizu imeneyi mwa iye mulibe, pakuti aliyense ali ndi gulu lake, ndipo aliyense adaleredwa pakhomo pena pake. Chimene munthu angathe ndi kubwerera ku dongosolo la pabwalo la milandu lija, ndi kudzifunsa asanagamule: kodi zimenezi ndazidziŵa bwanji, ndani adandiuza, nanga iye akupindulapo chiyani? Ndipo nkwabwino kukumbukira kuti malire a magulu amasuntha. Amene ali mwini mudzi ku Lilongwe ndi mlendo ku Johannesburg, ndipo wonyoza lero angathe kudzuka maŵa ali m'gulu la onyozedwa. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.